Funsani Dokotala: Kunyumba amayankha zonse, m'mayeso mutu umaima

Adokotala, mwana wanga wamkazi ali Fomu 4. Amawerenga usiku atakhala pabedi, wailesi ikulira chapansipansi. Ndikamamufunsa kunyumba amayankha bwinobwino, koma akalowa m'chipinda cha mayeso akuti zonse zimamuthawa. Kodi ndi matenda, kapena wina wamuchita chipongwe? Mayi wa ku Kawale, Lilongwe.

Mayi, mtima m'malo. Palibe amene wamulodza, ndipo pa zimene mwafotokozazi sindikuonapo matenda.

Ubongo susunga phunziro palokha. Kachigawo kake kotchedwa hippocampus kamamanga mtolo umodzi zimene mwana akuwerenga, malo amene wakhala, phokoso, ngakhale fungo la pamenepo. Inunso zimakuchitikirani: mwadzuka pakhonde kukatenga chinthu m'nyumba, kufika pakhomo mwaiwala, kubwerera pampando paja basi mwachikumbukira.

Mu 1975, ofufuza awiri, Duncan Godden ndi Alan Baddeley, anapatsa anthu osambira pansi pa nyanja ku Scotland mawu oti aloweze, ena pamtunda, ena pansi pa madzi. Amene analoweza m'madzi anakumbukira bwino atafunsidwa ali m'madzi momwemo, a pamtunda nawonso pamtunda pomwepo. Mwana wanu ndiye wosambirayo. Madzi ake ndi bedi ndi wailesi, pomwe MSCE adzalembera padesiki, m'chipinda cha zii, woyang'anira mayeso akuyendayenda kumbuyo kwake.

Koma tisanamizire bedi lokha. Mphamvu ya malo si yaikulu kwenikweni. Mantha ndi tulo tosakwanira zimasokoneza kwambiri. Komanso inu mukamamufunsa mumamupatsa poyambira osadziwa, mwina ndi nkhope yokha, pomwe pepala silithandiza munthu.

Ndiye azisinthasintha malo: lero patebulo, mawa m'kalasi anzake akaweruka, tsiku lina ku National Library ku City Centre. Phunziro lowerengedwa malo angapo silikakamira pamalo amodzi. Chachikulu, kawiri pa sabata atseke kope, azimitse wailesi, atenge mapepala akale a MANEB, alembe ndi bolopeni, wotchi ili patsogolo. Zikamuthawa tsiku la mayesolo, atsinzine pang'ono, adzione ali pabedi paja kope lili pamiyendo. Kuganizira malo kokhako kumathandiza kubweza zina zimene zasowa.

Ngati ayamba kuiwalanso za tsiku ndi tsiku, kukomoka, kapena mutu kumuwawa kosaleka, imeneyo ndi nkhani ina. Mupite naye kuchipatala msanga.