Musasiye kumvera za ku Lagos, yambani mwamvera pakamwa panu

Achimwene, mwati mwajambula nyimbo zingapo, koma aliyense amene wazimva akuti zikumveka ngati za ku Nigeria, ndiye mukufunsa ngati musiyiretu kumvera nyimbo zakunja kuti mupeze kaimbidwe kanukanu. Ambiri m'gulu muno ayankha kuti eya, zisiyeni, bwererani ku ng'oma za makolo. Ndikumva chimene chikuwapweteka, koma ine sindikugwirizana nawo.

Taganizani za Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a ku Chileka. Ali ana anakhalako ku Salisbury, kumene lero timati Harare, ndipo anakula akumva kwela, nyimbo za chitoliro zimene zinawanda m'misewu ya ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950. Kwela sinali yathu. Anyamatawo anaitengera ndithu, mosachita manyazi: chitoliro, gitala, bezi ya chingwe chimodzi yomangidwa pa bokosi. Pamene Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wa ku Austria, ankawapeza ku Blantyre mu 1967, kwela inali itayamba kuzilala kwawo ku South Africa, koma m'manja mwa a Kachamba inali ikusanduka chinthu china. Daniel ankachuna gitala m'njira zakezake, chala chachikulu chikuyendetsa bezi, chamkombaphala chikuimba pamwamba, n'kumalowetsamo sinjonjo ndi rumba, mawu ake ali Chichewa cha pabwalo. Anamwalira mu 1987, koma gitala yake ikalira lero munthu sufunsa kuti akuimba ndani. Akanati atseke makutu ku nyimbo zakunja, bwenzi tilibe Kachamba.

Chileka yomweyo inatipatsa Evison Matafale. Rege ndi ya ku Jamaica, aliyense akudziwa, komatu palibe amene anamunenapo kuti akungobera a ku Kingston. Ankaimba zimene zinkamuwotcha mumtima, Baibulo limene ankawerenga, umphawi umene ankauona, atsogoleri amene ankamukwiyitsa. Ku Balaka nako a Paul Banda ndi Alleluya Band anatenga rege yomweyo n'kuiphika mpaka anthu anayamba kuitchula ndi dzina la boma lawo.

Ndiye vuto lanu silili pa zimene mukumvera ayi. Lili pa zimene mukutengera. Ndamvera nyimbo ija mwaika pansi pa funso lanu, ndipo mawu muli nawo, okoma ndithu. Koma mwatengera katchulidwe ka mawu, mwatengera kokhotera nyimbo, mwatengera ndi nkhani yomwe. Chotsala chanu ndi kholingo lokha.

Ndiyambe ndi lilime, chifukwa apa m'pamene anyamata ambiri akugwera. Chichewa chili ndi kayendedwe kake. Tikamamaliza chiganizo timakoka pang'ono mawu atatsala pang'ono kutha. Tanenani mokweza kuti "ndikupita kumudzi" mumve pamene mawu akutsamira: ndi pa "mu". Komanso mawu athu ndi aatali, amanyamula munthu, nthawi ndi chochita m'liwu limodzi. Nyimbo za ku Lagos zinasokedwa pa thupi la Chiyoruba ndi Chingerezi cha kumeneko, chokhala ndi mawu afupiafupi odumphadumpha. Mukakakamiza Chichewa kulowa m'malaya amenewo mumayamba kudula mawu pakati, kumeza zilembo, kutsamira polakwika. Womvera sangathe kufotokoza chalakwika, koma khutu lake limadziwa kuti munthuyu sakuyankhula ngati ife. N'chifukwa chake akukuuzani kuti mukumveka ngati mlendo, ngakhale mawu onse ali a Chichewa.

Chitani izi. Lembani mawu kaye, kulibe biti. Kenako muwayankhule pa foni, osaimba, ngati mukufotokozera azakhali anu nkhani imene yakukhudzani. Mukamvetsera mupeza kuti mawu akukwera pena, kutsika pena, kupuma pena. Nyimbo yanu ili m'menemo kale, ntchito yanu ndi kuikoka kuti italike. Amayi athu pamtondo ankapeka chonchi. Madandaulo a mwamuna woledzera kapena apongozi ovuta ankatuluka monga amayankhulidwira, munsi n'kumapereka kugunda kwake. Hugh Tracey anajambulako nyimbo za kwathu kuno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University. Mukazipeza mumvere mmene mawu ndi nyimbo zikuyendera limodzi osapondana.

Zimenezi zikutanthauza kuti ku situdiyo muzipita nyimbo itapsa kale. Mukapita chimanjamanja, wojambula amakutsegulirani mabiti amene ali nawo m'kompyuta, ndipo ambiri mwa iwo anawapanga potsatira zimene zikugulidwa panopa, Afrobeats kapena amapiano. Si mlandu wake, nayenso akufuna kudya. Koma mukangoyamba kusaka mawu okwana pa biti ya mwini, nyimboyo yatuluka kale m'manja mwanu. Nyimbo imene ikutha kuima ndi gitala yokha, kapena kuwomba m'manja kokha, wojambula amakakamizika kuimangira nyumba yoyenera iyo.

Tsopano nkhani ya zoimba, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse. Mwanena kuti masana mumagulitsa kaunjika mumsika. Nanga bwanji nyimbo yanu ikukamba za mowa wodula ndi magalimoto amene simunakwerepo? Inu mumadziwa mmene mtima umagundira m'mawa podula mawaya a belo, ndalama zonse zili m'menemo, osadziwa ngati mutuluka majekete abwino kapena nsanza zokhazokha. Mumadziwa mayi amene amabwera kudzayesa diresi lomwelo, n'kulipinda bwinobwino, n'kunena kuti abweranso mwezi ukatha. Mumadziwa kuthamanga ndi katundu mvula ikagwa mwadzidzidzi, ndi mmene mavenda amaitanirana, ndi nthabwala zimene munthu wa muofesi sangazimve. Woimba wa ku Lagos zimenezi sakuzidziwa, ndipo ngakhale woimba wa ku Area 47 sakuzidziwa. Sindikuti muziimba za mavuto okhaokha. Imbani za chikondi ngati ndi chimene chili pamtima, koma chikhale chikondi chimene chimachitikira pamene inu mwaima, cha mtsikana wogulitsa mandasi amene amakusungirani awiri otentha, osati cha mu vidiyo ya munthu wina. Mzere umene mukuchita nawo manyazi kuti anzanu adziwa kuti mukunena za inu mwini, kawirikawiri ndi umene uyenera kutsala.

Kwa anzanga amene mukuti angowonjezera ng'oma, pepani, nanunso ndikutsutsani pang'ono. Tchopa ndi gule wa Alomwe, ali ndi nthawi yake ndi tanthauzo lake, mpaka UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014. Vimbuza ndi gule wochiritsa kwa Atumbuka. Kungodula kachidutswa ka ng'oma zimenezi n'kukamata pa nyimbo kuti imveke yachimalawi ndi kutengera komweko, kungoti mwasintha kobera. Ngati achimwenewa anakulira pa manganje kapena chimtali, zituluka zokha m'mapazi mwawo. Ngati sanakulirepo koma akuzifuna, apite akakhale pansi ndi oimba ng'omazo, aphunzire monga a Kachamba anaphunzirira kwela. Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, ankaimba banjo ndi Chilomwe chake chifukwa n'zimene anali nazo. A Madalitso Band anaimba babatoni wawo, bezi ya chingwe chimodzi yodzipangira okha, m'misewu ya Lilongwe kwa zaka zambiri asanaitanidwe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo sanamupange kuti asangalatse azungu.

Ndisakunamizeni, njira imeneyi ndi yochedwa. Nyimbo yofanana ndi zimene zili kale pa wailesi imalowa msanga m'mabala, pamene yanuyanu poyamba anthu amaidabwa, ena amaiseka. Ngati mukufuna ndalama ya mwezi uno, pangani imene ikugulidwa, palibe angakuweruzeni. Koma funso limene mwafunsa ndi lina.

Mu nyimbo mwaikayo muli malo amodzi, chakumapeto kwa ndime yachiwiri, pamene mwatchula mayi anu ndipo mawu anu atsika, mwasiya kukhotetsa lilime. Yambirani pamenepo. Lembani nyimbo yonse kuchokera pa mzere umenewo, muijambule pa foni ndi gitala yokha kapena popanda chilichonse, muiike m'gulu muno. Ine ndidzamvera, ndipo ndidzakuuzani mosabisa mizere imene ndikumva inu ndi imene ndikumva munthu wina.