Magetsi akabwera, seva siikuona NAS: yankho kwa achimwene a ku Ngabu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena oyang'anira makompyuta pa kaofesi kena ku Ngabu. Ali ndi seva ya Ubuntu ndi kabokosi ka NAS kosungiramo mafayilo. Akalumikiza pamanja zonse zimayenda, koma magetsi akathima n'kuyakanso, foda ya pa seva imapezeka ili mbee, abwana n'kuyamba kufunsa ngati zonse zafufutika.

Achimwene, mtima m'malo, mafayilo anu alipo. Nkhani ndi yoti seva imadzuka msanga kuposa NAS. Imagogoda pakhomo NAS ikadali m'tulo, yaona zii, basi yapitirira osabwereranso.

Yambani ndi kuipatsa NAS nambala ya IP (adiresi yake pa netiweki) yosasintha, tinene 192.168.1.20. Mukasiyira router kuti izigawa yokha, tsiku lina NAS idzadzuka ndi nambala ina. Poti seva yanu ndi ya Linux, ine ndingasankhe NFS, njira yogawirana mafayilo pa netiweki. Njira inayo, SMB, isiyireni makompyuta a Windows. Ikani pulogalamu ya nfs-common pa seva, pa NAS muloleze IP ya sevayo, ndipo ngati pali firewall tsegulani port 2049.

Pamene pagona nkhani ndi mu /etc/fstab, fayilo imene imauza seva madisiki ndi mafoda oti ilumikize. Lembani mzere umodzi wotere, musinthe dzina la foda kukhala lanu:

192.168.1.20:/mafayilo /mnt/nas nfs4 _netdev,nofail,hard,x-systemd.automount 0 0

Mawu oti _netdev akuuza seva kuti idikire netiweki, nofail akuti iyakebe ngakhale NAS isanapezeke. Koma mankhwala enieni ndi x-systemd.automount: seva siilumikiza poyaka, imadikira mpaka munthu kapena pulogalamu itsegule fodayo, ndipo ikalephera imadzayesanso ulendo wotsatira. Ena adzakuuzani kuti muike soft m'malo mwa hard kuti zinthu zisamaime. Musawamvere. Bola pulogalamu iime kudikira NAS kusiyana n'kuti fayilo ilembedwe theka inu osadziwa.

Musanayatse zimenezi, NAS isanalumikizidwe, lembani chattr +i /mnt/nas. Ichi ndinachiphunzira ndi misozi pa ofesi ina ku Nsanje. Kwa milungu ingapo backup inkalembedwa mu foda yopanda kanthu ya pa seva yomweyo, ine ndili phee kuganiza kuti ikupita ku NAS, mpaka disiki inadzaza Lachisanu madzulo anthu akufuna kusindikiza malipoti. Foda ikakhomedwa chonchi, kulemba kumakanika pompo ndipo mumadziwa tsiku lomwelo.

Mukaona Permission denied, onani UID (nambala ya munthu pa kompyuta) ndi lamulo la id mbali zonse ziwiri. NFS imazindikira munthu ndi nambala, osati dzina.

Za kuchigwa kuno mukuzidziwa nokha. Kutentha kwa Okutobala sikugwirizana ndi ma hard disk, choncho kabokosiko musakatsekere m'kabati. Kakwezeni pa shelefu. Amene anaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 safunsa chifukwa. Pa UPS (batire yothandiza magetsi akathima) muikepo seva, NAS ndi switch (kabokosi kokumaniramo mawaya a netiweki) yomwe, poti ambiri amaiwala switch. Ndipo madisiki awiri a RAID (osunga mafayilo ofanana) m'kabokosi kamodzi amanyowera limodzi, ndiye kope ina izikhala nyumba ina.

Mukamaliza, yesani dala: zimitsani zonse, yatsani seva yokha, NAS muiyatse patapita mphindi zisanu, kenako lembani ls /mnt/nas ndi df -h kuti muone ngati mafayilo akuoneka ndipo NAS yalumikizidwa. Zikakanika, munditumizire zimene df -h yaonetsa.