Phindu la fair value m'lipoti la kampani si ndalama za m'manja

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake lipoti la zachuma la kampani yomwe gulu lanu linagulako masheya likuonetsa kuti phindu lakwera chifukwa cha fair value, pomwe ndalama zomwe kampaniyo inagawira eni masheya sizinasinthe. Phindu limenelo ndi la papepala. Kampaniyo sinagulitse kanthu, yangowerengeranso mtengo wa masheya, mabondi (zikalata za ndalama zomwe inabwereketsa boma kapena makampani ena) ndi chuma china chomwe ili nacho kale.

Lamulo lomwe akauntanti amatsata pankhaniyi ndi IFRS 13, lomwe bungwe lokonza malamulo owerengera chuma la IASB la ku London linatulutsa mu 2011 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2013. Makampani a pamsika wa masheya wa JSE ku Sandton, ku South Africa, amalitsata, chimodzimodzinso a ku Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Lamuloli limati fair value ndi ndalama zomwe kampani ingalandire itagulitsa katunduyo pa tsiku lotseka mabuku, kwa wogula wodziwa msika, popanda wogulitsa kupanikizidwa ndi ngongole. Mtengo umene kampani inagulira katunduyo suwerengedwa pamenepa.

Chomwe ndikukupemphani n'chakuti musathere pa tsamba la phindu. Pitani kumapeto kwa lipotilo, komwe kuli tebulo lomwe limagawa chumacho m'magulu atatu otchedwa Level 1, Level 2 ndi Level 3, chifukwa m'menemo ndi momwe muli nkhani yonse. Gulu loyamba ndi katundu yemwe mtengo wake umaoneka pamsika tsiku ndi tsiku, monga masheya a Sasol kapena Standard Bank, ndipo aliyense atha kutsimikiza nambalayo pafoni yake. Gulu lachiwiri mtengo wake amachita kuwerengera, koma pogwiritsa ntchito manambala omwe onse akuwaona, makamaka chiwongoladzanja. Tiyerekeze kuti kampani ili ndi bondi ya R1,000 yomwe imabereka 9 peresenti pachaka ndipo yatsala ndi zaka zisanu. Chiwongoladzanja cha pamsika chikakwera kufika pa 11 peresenti, palibe angaigule pa R1,000, ndipo mtengo wake umatsika kufika pafupifupi R926, ngakhale wobwereka akulipirabe bwinobwino.

Gulu lachitatu ndi limene ine ndimalikayikira kwambiri. Muno mumakhala masheya a makampani omwe sali pamsika uliwonse, ndipo kawirikawiri mumakhalanso nyumba zazikulu zobwereketsa. Popeza palibe mtengo wooneka, akuluakulu a kampani amalosera ndalama zomwe katunduyo adzabweretse m'zaka zikubwerazi, kenako amazitsitsa ndi chiwongoladzanja chomwe asankha okha kuti apeze mtengo wa lero. Kungosintha chiwongoladzanjacho ndi peresenti imodzi kutha kukweza kapena kugwetsa mtengo ndi mamiliyoni, ndipo anthu omwe akusankhawo nthawi zambiri ndi omwewo amene bonasi yawo imadalira phindu. Sindikunena kuti onse amanama ayi, koma omwe anali ndi masheya a kampani ya Steinhoff akukumbukira December 2017, pomwe mkulu wa kampaniyo, Markus Jooste, anatula pansi udindo ndipo mtengo wa masheya unagwa ndi zoposa 80 peresenti m'masiku ochepa, anthu atasiya kukhulupirira manambala a m'mabuku. Popeza mitengo ya gulu lachitatu ndi yongolosera, lamulo limafuna kuti kampani ifotokoze njira ndi manambala omwe yagwiritsa ntchito pa gulu limeneli, komanso m'mene mtengo ungasinthire manambalawo atasintha. Ndime imeneyo muiwerenge modekha, ngakhale ili ndi zilembo zing'onozing'ono.

Pali china chomwe chimatikhudza ife Amalawi okhala kuno ku South Africa. Kampani ikakhala ndi masheya kumudzi, mtengo wake umayamba wapezeka m'makwacha kenako n'kusinthidwa kukhala marandi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wotere anatsika m'mabuku a marandi ngakhale ku Blantyre mtengo wake sunagwe. Komanso masheya ena a kumeneko amatha masiku osagulidwa, choncho kungokhala pamsika sikutanthauza kuti ali m'gulu loyamba.

Dziwaninso kuti pansi pa IFRS 9, yomwe inayamba mu 2018, si zonse zimalembedwa motere. Bondi yomwe kampani ikusunga kuti izingolandira chiwongoladzanja mpaka idzathe imalembedwa potengera mtengo wogulira, pomwe masheya ogula n'kugulitsa kusintha kwake kumalowa m'phindu la chakacho. Mukafuna kudziwa ngati kampani ingathe kukugawirani zambiri, onani tsamba la kayendedwe ka ndalama, lolembedwa cash flow, chifukwa phindu la fair value sililowa m'ndalama zomwe kampani yapeza pa ntchito zake. Pamsonkhano wa eni masheya, msungichuma wa gulu lanu afunse kuti ndi gawo lanji la phindulo lomwe lachokera ku Level 3, ndiponso ngati amene anawerengera mtengowo ndi katswiri wapadera kapena wogwira ntchito pakampani pomwepo.