Kuzizira kwambiri si ndiye kuti ayezi ali bwino

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mlongo wathu wina amene ali pasukulu ku Torino, m'dziko la Italy. Mwachidule akuti: "Anzanga a m'kalasi akonza zoti mu February tipite ku Cogne tikakwere mathithi oundana. Ine sindinakwerepo. Iwo aona zithunzi za sabata yatha pa Instagram ndipo akuti ayezi ali bwino. A zanyengo akuti usiku kudzazizira mpaka -18°C, ndiye anzangawo akuti ayeziyo adzalimba kwambiri. Akutinso mathithi ena a ku Valnontey anatsekedwa koma palibe amene amalondera. Kodi ndipite? Nanga ndichenjere ndi chiyani?"

Achemwali, pitani ndithu, Cogne, mudzi wa m'mapiri a Alps, ndi malo abwino ophunzirira. Koma mfundo zitatu zimene anzanuwo atsamira zonse nzolakwika, ndipo ya kuzizirayo ndi imene yatidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa imamveka ngati yanzeru.

Ayezi wa pamathithi amakwereka bwino kukakhala kozizira pang'ono chabe, cha pakati pa -1°C ndi -8°C. Pamenepo amakhala wolimba koma wofewerapo: mukamenya nkhwangwa yokwerera ayezi kamodzi imalowa n'kukhazikika, chigwiriro osanjenjemera. Kukafika -15°C kupita pansi, ayezi amauma ngati galasi. Mukamenya, pamabenthuka chipande chachikulu ngati mbale, n'kukugwerani kumaso kapena kugwera mnzanu amene wagwira chingwe pansi. Pomwe mukanamenya kamodzi mumamenya kasanu, manja amalema msanga, ndipo masikuluu amene amapotokolera mu ayezi kuti agwire chingwe amang'amba ayeziyo polowa.

Choopsa koposa pamenepa ndi kutsika kwadzidzidzi. Tinene kuti masana kunali 2°C, usiku womwewo n'kufika -18°C. Ayezi akazizira amafupika. Amene wamatirira pathanthwe amagwiridwa ndi thanthwelo, koma mzati wa ayezi umene wagwira kumwamba ndi pansi pokha, pakati pali mpata, ulibe kothawira. Umakokeka mpaka kung'aluka chopingasa, ndipo nthawi zina nkhwangwa imodzi yokha imakwana kuugwetsa wonse pamodzi ndi munthu amene ali pamenepo. Mizati ndi zolendewera zotere si zoyandikira m'mawa wotsatira usiku wotero, ngakhale kuima pansi pake pomanga nsapato.

Kutentha nakonso kuli ndi zake. Usiku ukadutsa osafika pa ziro, madzi amayamba kuyenda kuseri, pakati pa ayezi ndi thanthwe, ndipo chipupa chonse chimatsala chongotsamira. Kumapiri a Alps kuli mphepo yofunda yotchedwa föhn imene imatha kukweza kutentha ndi madigiri angapo m'maola ochepa, ngakhale pakati pa nyengo yozizira. Dzuwa likawomba pa sikuluu, chitsulocho chimafunda n'kusungunula ayezi wozungulira, mwakuti sikuluu imene inali nganganga nthawi ya 9 koloko imatha kuzuka ndi dzanja masana. N'chifukwa chake chithunzi cha sabata yatha sichingakuuzeni kanthu. Chofunika kuona ndi mmene kutentha kwayendera masiku asanu kapena asanu ndi awiri apitawo, usana ndi usiku, komanso mbali imene mathithiwo ayang'ana.

Mukafika pamalopo, maso ndi makutu ndiwo amamaliza. Ayezi wobiriwira ngati mtambo, woonekera mkati, amakhala wothithikana. Woyera mbuu amakhala ndi mpweya wambiri mkati kapena wapsa ndi dzuwa, ndipo sagwira sikuluu. Wotuwa, wooneka ngati shuga wonyowa, ndi wowola. Gogodani ndi msana wa nkhwangwa: akalira ngati ng'oma, kuseri kuli mphako. Mukamva madzi akusokosera mkati, kapena mukaona zibenthu zatsopano zili mbwee pansi pa mathithi, bwererani.

Za masikuluu tingonena pang'ono, poti inu simudzakhala wotsogolera. Amabwera m'misinkhu ya masentimita 10, 13, 16, 19 ndi 22. Wodziwa amayamba wapala ayezi wowola wa pamwamba mpaka wapeza wolimba, kenako amapotokola sikuluu molunjika, ndipo amayang'ana ufa wa ayezi umene ukutuluka pabowo la pakati. Ufawo ukasiya kutuluka ndiye kuti sikuluu yalowa mumphako, ayambirenso pena. Potsika, amaboola mabowo awiri okumana mkati ngati chilembo cha V ndi sikuluu ya masentimita 22, n'kupisamo chingwe. Njira imeneyi imatchedwa ndi dzina la Vitaly Abalakov, katswiri wokwera mapiri wa ku Soviet Union. Tikukuuzani izi kuti mukhale ndi poyesera: ngati amene akuti akutsogolerani sangafotokoze zimenezi bwinobwino, musamangirire moyo wanu pachingwe chake.

Pa ayezi sipagwedwa. Pathanthwe munthu amatha kugwa chingwe n'kumuwakha bwinobwino, koma apa kumapazi kuli zitsulo za mano zimene zimakola mu ayezi thupi likupitirira, ndipo akakolo amathyoka ngakhale wagwa mamita awiri okha. Woyamba kumene amakwera chingwe chitamangidwa kale pamwamba, pa mathithi ophwekerapo, a mulingo wa WI2 kapena WI3 pa muyezo wa kuvuta kwa mathithi oundana, chipewa cholimba chili kumutu, wogwira chingwe ataima chapambali osati pansi penipeni. Mathithi a ku Lillaz, pafupi ndi Cogne pomwepo, ndi kumene ambiri amayambira. Sonkhani ndalama mupeze mlangizi wovomerezeka, amene kumeneko amati guida alpina. Tsiku limodzi ndi iyeyo lidzakuphunzitsani zimene anzanu sangathe.

Tsopano chinthu chimene kalata yanu sinatchule n'komwe, chikhalirecho ndi chimene chimatenga miyoyo ya akatswiri omwe: chipale chofewa (snow) chimene chili pamwamba pa mathithi. Mathithi amapangika pamene madzi a m'phiri amasonkhana n'kutsika, ndipo njira ya madziyo ndi yomweyonso imene chipale chimadzera chikagumuka. Munthu ali pansi amangoona chipupa cha ayezi, osadziwa kuti pamwamba pali chibeseni chachikulu chodzaza chipale chimene chikungodikira dzuwa kapena mphepo. Malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45 ndi amene amagumuka kawirikawiri. Mwinanso n'kukugwerani muli panjira, musanakhudze n'komwe ayezi.

Chigawo cha Valle d'Aosta, kumene kuli Cogne, chimatulutsa chenjezo la kugumuka kwa chipale nyengo yonse yozizira, pa mulingo wa 1 mpaka 5 umene mayiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito. Ambiri akaona 3 amati ndi pakatikati, palibe vuto. Apo m'pamene amalakwitsa: ngozi zambiri zakupha zimachitika pa 3, chifukwa pa 4 ndi 5 anthu amaopa okha n'kukhala m'nyumba. Musangowerenga nambala yokha. Chenjezolo limanenanso mbali za phiri ndi msinkhu umene pali vuto. Masiku awiri oyamba chipale chambiri chikangogwa, kapena kukawomba mphepo yamphamvu, kapena kukafunda mwadzidzidzi, mathithi a m'zigwembe ngosiya.

Aliyense pagulu akhale ndi zinthu zitatu: kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro chopezera munthu wokwiririka m'chipale, kamene ku Italy amati ARTVA, ndodo yopinda yofufuzira, ndi fosholo. Kuyambira pa 1 January 2022 lamulo la dzikolo limafuna zimenezi kwa oyenda m'chipale kumalo amene chingagumuke. Kachipangizoko kamavalidwa pathupi mkati mwa jekete, osati m'chikwama, ndipo kamayatsidwa pochoka pagalimoto. Munthu wokwiririka akafukulidwa mkati mwa mphindi 15 mwayi wopulumuka umakhala waukulu, koma zikapitirira pamenepo umatsika mofulumira kwambiri chifukwa mpweya umamuthera. Opulumutsa anthu, amene mumawaitana pa 112, nthawi zambiri sangafike msanga chotero. Omufukula ndinu, ndiye muyeserere kusaka musanapite.

Kuzizira kwa thupi sikumagwira munthu pokwera ayi, kumamugwira ataima. Mumayenda ola lathunthu kukwera mtunda, thukuta kamukamu, kenako n'kuima mphindi 40 mutagwira chingwe pamthunzi, madzi akudontha. Nyamukani pagalimoto mukumva kazizizi pang'ono kuti musatuluke thukuta, ndipo mukangoima valani chijekete chachikulu pamwamba pa zonse. Za thonje musavale n'komwe, chifukwa zikanyowa siziuma ndipo zimakoka kutentha m'thupi. Zamkati zikhale za ubweya kapena za ulusi wopanga. Magolovesi tengani mapeyala atatu: opyapyala okwerera, ena osinthira akanyowa, ndi akuluakulu oimira, amene mumawasunga pachifuwa kuti azikhala ofunda. Kumbukiraninso kuti mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6.5 kapena chapompo, komanso kuti -20°C ya mphepo yothamanga makilomita 30 pa ola imaluma pakhungu ngati -33°C. Pamenepo khungu losaphimba limatha kuundana pasanathe theka la ola.

Pali ululu wina umene umadzidzimutsa oyamba. Manja akakhala m'mwamba nthawi yaitali atafinya nkhwangwa, magazi amachepa m'zala. Mukawatsitsa, magazi pobwerera amawawa moti ena amachita nseru. Umenewo umatha pakapita mphindi zochepa ndipo ndi chizindikiro choti zala zili moyo. Choopsa ndi chala chimene chasiya kuwawa, chayera kapena kutuwa, n'kulimba ngati kandulo. Pakhungu lakuda mtunduwo suoneka msanga, choncho muzidalira kukhudza ndi kumva: ngati simukumva chala chanu, imani pomwepo. Musachitikite, musachipake chipale, musachiwothetse pamoto, chifukwa chimapsa inu osamva. Chiikeni m'khwapa. Ngati chaundana zenizeni, chimafunditsidwa m'madzi a 37°C mpaka 39°C kwa pafupifupi theka la ola, koma pokhapokha mutatsimikiza kuti sichiundananso, poti kuundana kachiwiri kumawononga koposa. Nsapato zothina ndi zimene zimadyetsa zala zakumapazi: masokosi awiri m'nsapato yaing'ono amatseka magazi m'malo mofunditsa.

Thupi lonse likazizira mkati kutsika pa 35°C, munthu amanjenjemera, amalephera kumanga mfundo kapena kutseka zipi, amapunthwa, amalankhula zosamveka. Mwiniwake sadziwa, ndipo amakana. Mnzanu wolongolola akangoti zii, mufunseni funso lofuna kuganiza. Akadali maso ndipo akumeza bwino, mchotseni zonyowa, mufunditseni, muyalireni chikwama kapena chingwe kuti asakhale pachipale, mpatseni chakumwa chofunda cha shuga. Mowa ayi, umatsegula mitsempha ya pakhungu n'kutaya kutentha kotsalako. Kunjenjemera kukasiya iye akadali wozizira ndi wosokonezeka, zafika poipa: mgonekeni chogona, musamugwedeze kapena kumuyendetsa chifukwa mtima wozizira suchedwa kusokonekera, ndipo imbani 112. Foni muziisunga m'thumba la mkati, batire limafa msanga pozizira, ndipo tochi ya pamutu ikhale m'chikwama ngakhale mukuganiza zobwerera masana.

Za mathithi otsekedwa a ku Valnontey, chigwacho chili mkati mwa nkhalango yotetezedwa ya Gran Paradiso, yoyamba m'dziko la Italy, imene inakhazikitsidwa mu 1922. Chimene amatsekera ndi mbalame, muimba wa ndevu umene kumeneko amati gipeto. Mbalameyi inatheratu m'mapiri a Alps. Yomaliza yodziwika inawomberedwa mu 1913 m'chigawo chomwecho cha Valle d'Aosta, ndipo ntchito yoibwezeretsa inayamba mu 1986. Imaikira mazira pakati penipeni pa nyengo yozizira, pamatanthwe oyandikana ndi mathithi, n'kufungatira pafupifupi miyezi iwiri. Anthu akayandikira, kholo limauluka kusiya chisa, ndipo dzira losiyidwa pa -10°C silichedwa kufa. Banja limodzi limalera mwana mmodzi yekha pachaka, ndiye gulu limodzi la okwera litha kuwononga chaka chonse m'mawa umodzi. Zoti palibe wolondera si zoona, nkhalangoyi ili ndi alonda ake ndipo wolakwa amalipitsidwa. Komanso anthu akamaphwanya malire, akuluakulu amangokulitsa malo oletsedwawo, onse n'kuvutikira limodzi.

Kutseka kwina kumakhala kwa chitetezo chanu chomwe. Ku Rogers Pass, m'dziko la Canada, asilikali amawombera mapiri ndi mizinga kuti chipale chigumuke msewu waukulu utatsekedwa, ndipo wolowa m'madera amenewo amafunika chilolezo cha nyengo yozizira. Ku Alps nakonso misewu ya m'zigwa imatsekedwa chipale chikachuluka. Malire amenewa amasintha chaka ndi chaka malinga ndi pamene mbalame yamanga chisa kapena mmene chipale chagwera, choncho buku la njira kapena mapu a pafoni akhoza kukhala akale. Madzulo a tsiku loti mawa mukwera, onani chilengezo chatsopano patsamba la nkhalango ya Gran Paradiso, werengani chenjezo la chipale la tsikulo, ndipo mufunse mlangizi wanu kuti pamwamba pa mathithi amene wasankhawo pali chiyani. Uzaninso munthu wina amene watsala kumalo ogona dzina la mathithiwo ndi nthawi imene ayambe kuimba foni ngati simunabwerere.