App ikuzima pa foni ya malume: kodi zipalign ndiye mankhwala?

Mwandilembera kuchokera ku Senga Bay, achimwene, kuti mwapanga app yolembera mitengo ya usipa ndi chambo, koma pa itel ya malume anu imangodzizimira. Mukufunsa ngati zipalign ingathetse vutoli musanaitulutse.

Ithandiza, koma pang'ono chabe. APK, fayilo imene mumaika pa foni kuti app ilowe, ndi thumba la zip basi. Zipalign imasanja mafayilo osapanikizidwa a m'thumbamo kuti aliyense ayambire pa malire a ma byte 4, ndiye foni imawawerengera pomwe ali, osayamba yawakopera mu RAM, memory imene foni imagwiritsa ntchito app ikamayenda. Android Studio, pulogalamu yopangira app, imachita yokha zimenezi mukamapanga release, app yomaliza yopatsa anthu. Ngati mukuchita pamanja, yambani ndi zipalign, kenako apksigner, chida choika siginecha pa app. Mukasemphanitsa, siginecha imawonongeka ndipo foni imakana kuika app. Lembani zipalign -c -v 4 ndi dzina la fayilo, ikuuzani ngati zasanjika.

Koma ine mtima wanga uli pa zithunzi za nsomba. Kulemera kwa fayilo ndi RAM imene app imadya si chinthu chimodzi. Usipa wouma umakwana m'kathumba, koma uviikeni m'madzi muone mmene ufufumire. JPEG ya 4000 x 3000 ingakhale ya 3 MB, koma foni ikaitsegula yonse, pixel iliyonse imatenga ma byte 4, ndiye 48 MB pa chambo chimodzi! Zikhale khumi pa foni ya 2 GB, imene WhatsApp yakhalamo kale, muone ngati siikomoka. Zichepetseni zilingane ndi sikirini, zisandutseni WebP, ndipo library ya zithunzi monga Glide kapena Coil ndiyo izizitsegula. WebP yokha imangopeputsa fayilo. Chimene chimapulumutsa RAM ndi kuchepetsa ma pixel.

Mukatero yatsani R8, chida chopeputsa code. Mu fayilo ya build.gradle ikani minifyEnabled true ndi shrinkResources true, ichotse code ndi zithunzi zosagwira ntchito. Nthawi zina imadulanso zofunika, choncho muyese release yeniyeniyo, osati debug yoyesera ija, ndipo musunge mapping.txt, fayilo imene R8 imalembamo mayina a code amene yasintha. Popanda iyo, uthenga wa crash simuumva.

China n'chakuti kuyambira mu 2021 Google Play imafuna fayilo ya .aab m'malo mwa APK pa app zatsopano, ndipo foni iliyonse imalandira zidutswa zoyenera iyo yokha. Komatu tikudziwana, kunyanja kuno bundle ndi yodula, anthu amapatsirana app pa Xender. Chidutswa cha foni ina chimatha kukana pa inzake. Akonzereni APK imodzi yathunthu, ndipo ngati muli ma library a .so, amene amapangidwira mtundu wa purosesa ya foni, musasiye a 32-bit otchedwa armeabi-v7a, chifukwa mafoni ambiri otchipa adakali a 32-bit.

Itel ya malumeyo ibwerekeni Loweruka, muilumikize ku kompyuta, mutsegule Profiler ya Android Studio, chida choonetsa memory imene app ikudya, muziyendetsa mndandanda wa nsomba uku mukuyang'ana mzere wa memory. Ukalumpha pamene chithunzi chatuluka, mbava mwaigwira.