Ndalama za banki m'khonde zaperewera, kodi tikadandaule ku Reserve?

FUNSO

Amayi olemba tsamba lino, ine ndimagulitsa usipa wouma kufupi ndi Chia ku Nkhotakota. Gulu lathu la banki m'khonde lili ndi amayi 22 ndipo chino ndi chaka chachinayi. Sheya imodzi ndi K5,000. Mu Disembala, tsiku logawana, m'mabuku munasonyeza K4.6 miliyoni koma pamphasa panatsika K3.8 miliyoni. Titamupanikiza, msungichuma anavomera kuti K800,000 anabwereketsa mlamu wake yemwe sali m'gulu, kuti agulire maukonde, ati adzabweza mwera ukatha. Mwera unatha kalekale. Ndalama zambiri zinkakhala m'foni mwake chifukwa tinkaopa akuba. Ena akuti tikamusasulire malata ndi kumutengera mbuzi, ena akuti tikadandaule ku Reserve Bank. Kodi alipo wa boma amene amayang'anira magulu ngati athuwa? Feteleza wanga waperewera chifukwa cha zimenezi.

Mayi wodandaula, Nkhotakota

YANKHO

Pepani mayi anzanga. Ndalama yoperewera mu Disembala imawawa kuposa ya mwezi wina uliwonse, chifukwa mvula siyembekezera mlandu kuti uthe.

Ndiyambe ndi ya Reserve, kuti musawononge ndalama ya minibasi kupita ku Lilongwe. Lamulo la Financial Services Act la 2010 linapatsa Gavanala wa Reserve Bank udindo woyang'anira mabungwe a zachuma: mabanki, makampani a inshulansi, a penshoni, obwereketsa ndalama zing'onozing'ono ndi ma SACCO (mabungwe amene mamembala amasungitsako ndalama ndi kubwereketsana). Onsewa amatenga laisensi, amatumiza malipoti, ndipo akalakwira kasitomala pali pokadandaula. Banki m'khonde ya amayi 22 okumana pansi pa mtengo wa mango ilibe laisensi imeneyi. Ku Reserve kulibe amene amadziwa dzina la gulu lanu, kulibenso amene adzabwere kudzawerenga ndalama zanu. Alangizi a chitukuko cha m'madera a ku khonsolo amaphunzitsa magulu ndipo amatha kuthandiza pakabuka mkangano, koma sabweza ndalama yotayika.

Si kuti boma linakuiwalani. Njira ya banki m'khonde inapangidwa choncho kuyambira pachiyambi. Inayamba m'dziko la Niger mu 1991 kudzera ku bungwe la CARE, pakati pa amayi akumudzi amene banki inali kutali nawo, ambiri osadziwa kulemba. M'malo mwa woyang'anira wochokera kutauni, anaika chitetezo m'bokosi losungiramo ndalama momwemo. Maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, bokosi kwa wachinayi yemwe alibe kiyi. Ndalama iliyonse ilowe ndi kutuluka pamaso pa gulu, owerenga ndalama awiri aitchule mokweza, ndipo pa msonkhano wotsatira mamembala akumbuke kuti munatsala zingati musanatsegule. Ngongole ikhale ya mamembala okha.

Ndiye taonani pamene panaboka. Tsiku limene munagwirizana kuti ndalama zizikhala m'foni ya munthu mmodzi, maloko atatu aja anasanduka manambala anayi achinsinsi amene ali m'mutu mwa msungichuma yekha. Sindikunyoza Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mantha anu a akuba ndi omveka, mamiliyoni sasungidwa pansi pa bedi m'nyumba ya chitseko cha nsungwi. Koma kuyambira nyengo ya mwera mpaka Disembala, panalibe ndi mmodzi yemwe mwa amayi 21 wonena kuti "tationetsani balansi"? Ndikudziwa chifukwa chake. Ndinakhalapo mlembi wa gulu kwathu ku Salima, ndipo kufunsa mayi amene mumapemphera naye mpingo umodzi kuti atulutse foni kumaoneka ngati mwamutchula wakuba. Manyazi amenewo ndi amene akudyerani K800,000.

Za malata ndi mbuzi, musayerekeze. Mukalowa pakhomo pa munthu n'kutenga katundu popanda chilolezo chake kapena chigamulo cha khoti, mlandu umatembenuka, oimbidwa mlandu mumakhala inu. Ngakhale malamulo a gulu lanu atanena kuti wolephera kubweza alandidwe katundu, pepala limenelo siliposa lamulo la dziko.

Chitani izi. Sonkhanitsani timabuku ta mamembala tonse ndi kaundula wa mlembi, zisakhalenso m'manja mwa msungichumayo. Itanani msonkhano pamaso pa anyakwawa, ndipo ngati n'kotheka mlangizi wa chitukuko akhalepo. Mayiyo wavomera kale pakamwa, tsono avomere papepala: ndalama zingati, abweza zingati mwezi uliwonse, pofika liti, chikole n'chiyani. Asayine kapena adinde chala, mboni zisayinenso. Mlamu uja musalimbane naye, simunamubwereke ndinu, ngongole yanu ili kwa amene munamusungitsa ndalama. Ngati asankha yekha kugulitsa mbuzi kuti abweze, imeneyo ndi nkhani ina. Akaphwanya pangano, pepala lomwelo ndi limene mukapite nalo ku khoti la majisitireti pa boma. Kupolisi mukhoza kupitanso, chifukwa kutenga ndalama zosungitsidwa popanda chilolezo cha eni ake si ngongole wamba. Koma ganizani kaye chimene mukufuna. Munthu ali m'chitokosi sagulitsa nsomba, ndipo wosagulitsa nsomba sabweza.

Chinthu china chimene simunafunse. Gulu logawana mamiliyoni anayi lakula kupyola bokosi. Tsegulani akaunti ya gulu ku banki yoti ndalama isatuluke popanda anthu awiri kapena atatu kusayina, ndipo sitetimenti iziwerengedwa pa msonkhano mwezi uliwonse, osati kungouzidwa kuti "zonse zili bwino". Msungichuma ndi osunga makiyi asakhale pachibale. Maudindo azisankhidwanso mukangogawana, ngakhale amene alipoyo ndi mngelo. Thumba la zadzidzidzi, lija mumathandizana nalo pa maliro ndi matenda, lizilembedwa palokha, chifukwa limeneli ndi limene limadyedwa mwakachetechete poti palibe amene amaliyembekezera pogawana.

Ngati mukufunadi woyang'anira wa boma, njira yake ndi SACCO. Imalembetsedwa ngati kopaletivi, ndipo lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011 limafuna kuti ikhale ndi laisensi yochokera ku Reserve. Mabuku ake amaunikidwa ndi akatswiri ochokera kunja kwa bungwelo, ili ndi komiti yoyang'anira imene mamembala amasankha, ndipo pachaka pamakhala msonkhano waukulu. Ma SACCO ali ndi mgwirizano wawo wotchedwa MUSCCO, umene unayamba mu 1980. Sindikunena kuti inu 22 mukhale SACCO mawa, zofunika zake n'zambiri ndipo zimadya ndalama. Koma mukhoza kufunsa ku SACCO imene ilipo kale ngati imalandira magulu, n'kumasunga kumeneko uku mukupitiriza kukumana pakhonde. Musanaikeko ndi tambala yomwe, pemphani kuona laisensi yake ndi maso anu. Chikwangwani cholembedwa SACCO pakhoma aliyense akhoza kulembetsa kwa wopenta.

Pomaliza pa K800,000 ija, musalole pangano la "ndidzabweza zikayenda". Mukukumbuka mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, thumba la feteleza linasintha mtengo ndalama zili m'manja. Ikani tsiku lenileni, ndipo gwirizanani ngati abweze ndi chiwongoladzanja chomwe membala aliyense akanalipira. Ndalamayo ikamabwera igawidwe potengera masheya a chaka chathachi, isasakanizidwe ndi za chaka chino, chifukwa olowa kumene alibe gawo pamenepo.