Mawu a Chingerezi oitanira thandizo mukafika ku Joni

Achemwali, mwati mwezi wamawa mukunyamuka kuno ku Ntcheu kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, Chingerezi chanu n'cha Sitandade 8, ndiye mukufuna mawu oti mudzanene pafoni zinthu zikathina. Ndinakhalako kumeneko zaka zingapo, ndikugawireniko zomwe ndinaziona.

Manambala kaye. Apolisi ndi 10111, ambulansi ndi 10177, ndipo pafoni ya m'manja 112 imalowa ngakhale mulibe mayunitsi. 911 ya m'mafilimu ija ndi ya ku America, musaidalire.

Akayankha, chomwe amafuna msanga n'choti muli kuti. Apa ndi pomwe ambirife timagwa chagada. Kwathu kuno timalondolera munthu kuti mukafika pa Lizulu mutsike, mufunse pachigayo, nyumba yake ili kuseri kwa mjigo. Uko amafuna nambala ya nyumba, dzina la msewu ndi dera. Tsiku lomwe mwafika lembani zimenezi papepala mumate pafiriji, chifukwa mantha akakugwirani ngakhale dzina lanu lomwe limathawa. Muziyamba chonchi: "I need an ambulance", kenako "The address is", n'kuwerenga papepala paja, manambala amodziamodzi.

Mawu a matenda si ambiri. Wakomoka ndi "unconscious", koma ngati likukukanikani pakamwa ingonenani "She is not waking up". Watsamwa ndi "choking", wapsa ndi "burnt", wagwa khunyu ndi "having a fit", wamwa mankhwala oopsa ndi "swallowed poison". Moto ndi "fire", ndipo akuba akalowa m'nyumba mumati "There are robbers in the house". Galamala musavutike nayo, palibe akuchongani. Ngakhale musokoneze "he" ndi "she", poti ife tonse timangoti iye, ambulansi ibwera ndithu.

Koma pali malo angapo pomwe Chichewa chathu chimatipinga. Loyamba ndi lilime. Kwa ife l ndi r n'chimodzimodzi, th wawo uja timamutchula ngati d, ndiye "bleeding", kutaya magazi, ndi "breathing", kupuma, zimatuluka ngati liwu limodzi. Mnzanga wina atatemeka mwendo ndi galayinda kuntchito, yemwe anaimba foni ankakuwa kuti akutaya magazi, mayi wa kumbali inayo ankamva kuti akupuma bwino. Anakanganirapo kanthawi mpaka mnyamatayo anangoti "Blood, too much blood". Inunso muzitero. Pa kupuma nenani pang'onopang'ono, "He is not breathing".

Lachiwiri ndi eya wathu uja. Munthu akatifunsa kuti sakupuma, ife timati eya, kutanthauza kuti zoonadi sakupuma. M'Chingerezi akafunsa "Isn't he breathing?" inu n'kuyankha "Yes", amva kuti akupuma. Ndiye "yes" kapena "no" payekha musamuyankhe, malizani chiganizo chonse.

Chinanso ndi ulemu wathu. Mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana timati matenda ayamba. Mukamasulira kuti "She is sick" aganiza za chimfine. Nenani poyera: "She is pregnant, she is in labour", nsupa ikasweka "Her water has broken". Manyazi muwasiye pa boda ya Dedza. Matenda a shuga ndi "diabetes", a BP ndi "high blood pressure". Ndipo ululu sitiumva ndi "hear" ayi, mumati "I have chest pain" ngati ndi pachifuwa, kapena "I have pain here" mukakhala pamaso pa namwino, n'kuloza.

Akamathamanga nacho Chingerezi, muwadule mawu ndi "Please speak slowly" kapena "Please repeat". Foni musadule mpaka iwo akuuzeni, chifukwa nthawi zina amakulangizani zochita podikira galimoto, monga kukanikiza pabala ndi nsalu yoyera. Ngati pali anthu pafupi, kuwani "Help!", poti "Mayo ine!" uko angokuyang'anani.

Basi yanu ikadutsira ku Tete, kumbukirani kuti kumeneko n'Chipwitikizi, mfuwu wake ndi "Socorro!", ngakhale kuti ku Angonia Chichewa chomwechi akumvani. Mawu ndalembawa muziwatchula mokweza mukamatsuka mbale masiku atsalawa, makamaka awiri aja a magazi ndi kupuma, ana azikusekani kunkuno.